Madzi kunsi kwa nyumba: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa kawirikawiri ndi abale athu amene akukhala ku America, ku Britain ndiponso m'nyumba zakale za matabwa ku South Africa. Ambirife tinakulira m'nyumba za simenti yothira pa dothi. Tsiku loti wamva kuti pansi pa matabwa amene ukupondawo pali mpata, ndipo mumpatamo mwaima madzi, umasowa poyambira.

Kodi kunsi kwa nyumba mukunenaku ndi kuti?

Nyumba zambiri za kumeneko sizikhala pa simenti. Amamanga maziko, n'kugoneka mitanda pamwamba pake, kenako n'kukhomera matabwa opondapo. Pakati pa dothi ndi matabwawo pamatsala mpata woti munthu sangaimiriremo, amachita kukwawa. Ku America amati crawlspace, ndipo ndi yofala m'madera monga North Carolina, Georgia, Tennessee, Oregon ndi Washington. Malamulo a kamangidwe kumeneko amafuna kuti kuchokera pa dothi kufika pa mitanda pakhale mainchesi 18, pafupifupi masentimita 45, ngati mitandayo siyothira mankhwala. Ku Britain nyumba za njerwa za nthawi ya Victoria, ndi zambiri zomangidwa nkhondo yachiwiri isanayambe, zili nawo mpatawu, koma kawirikawiri ndi wopanikizika moti kuti muuone mumachita kuzula thabwa.

Nzeru yake ndi ija ya nkhokwe: mtengo usakhudze dothi, mphepo izidutsa pansi. Mumpatamo mumadutsanso mapaipi a madzi, a suweji ndi a gasi, mawaya a magetsi, ndipo ku America mumadutsa mapaipi akuluakulu a mpweya wofunditsa kapena kuziziritsa nyumba.

Ndingadziwe bwanji kuti kuli madzi ndisanasuzumireko?

Mphuno ndiyo imayamba kudziwa. Mukachoka masiku angapo mawindo ali otseka, pobwera mumalandiridwa ndi fungo la chuku kapena la dothi lonyowa, makamaka m'makabati a pansi ndi kunsi kwa masitepe. Matabwa opondapo amatukuka m'mphepete n'kulowa pakati, zitseko zimayamba kukakamira, penti ya m'munsi mwa khoma imasuwa. Malo ena mukaponda pamanepa. Pa njerwa pamatuluka ufa woyera, umene ndi mchere wotsala madzi akauma. Ku Britain ambiri amadabwa ndi nkhono zopanda chigoba zimene zimasiya timizere tonyezimira pa kapeti usiku. Zimenezo zikuchokera kunsi, ndipo sizikhala pouma.

Bili ya madzi ikakwera popanda chifukwa, musadikire zizindikiro zinazo.

Ndi madzi ochepa chabe ndipo sakhudza matabwa. Ndide nkhawa?

Chithaphwi chimene chabwera ndi mvula yamphamvu n'kuphwera tsiku limodzi kapena awiri sichigwetsa nyumba. Choopsa ndi chinyezi chokhalitsa. Madzi safunika kukhudza mitanda kuti aiwononge: amasanduka nthunzi, matabwa n'kumayamwa nthunziyo usana ndi usiku.

China n'chakuti mpweya wa kunsi sukhala kunsi komweko. Mpweya wofunda wa m'nyumba umakwera n'kutulukira kudenga, ndipo nyumba imakoka wina kudzera m'ming'alu ya matabwa ndi m'mabowo a mapaipi. Mwana wa mphumu amene akugona chipinda cha pamwamba pa malo onyowawo akupuma mpweya womwewo. Pa chifukwa chimenechi ine sindivomereza zoti "nyumba zonse za msewu uno n'chimodzimodzi, zisiyeni".

Madziwo amachokera kuti?

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yonse. Ndalama zambiri zimatayika chifukwa choti munthu wagula pampu kapena makina oumitsira asanadziwe kumene madzi akulowera. Magwero ake ndi anayi, ndipo lililonse lili ndi khalidwe lake.

Loyamba, lomwe ndi lofala kuposa onse, ndi mvula ya padenga ndi ya pabwalo. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 25 limatsitsa malita 2,500, zigubu 125 za malita 20. Ngati ngalande za m'mphepete mwa denga, zija timati ma gutter, zatsekeka ndi masamba, kapena paipi yotsitsa madziwo imathera patsinde pa khoma, madzi onsewo akulowa m'maziko. Madzi otere amaoneka mvula ikangogwa, ndipo amanyowetsa mbali imodzi ya khoma kuposa zina.

Lachiwiri ndi madzi a m'nthaka. Amenewa amachedwa: mvula igwe sabata yathunthu, kapena chipale chofewa chisungunuke, ndiye amatumphuka pansi ponse mwakachetechete n'kukhala masabata. Amavutitsa nyumba za m'zigwa, za m'munsi mwa phiri ndi za pa dothi la makande losamwa madzi. Pa mizati ya kunsiko mumapeza mizere ya matope yosanjikizana, yosonyeza pamene madzi ankafika zaka za m'mbuyo.

Lachitatu ndi mapaipi. Madzi a paipi salabadira nyengo, amakhalapo ngakhale kunja kuli ng'amba. Tsekani mipope yonse, werengani mita, dikirani maola awiri osagwiritsa ntchito madzi, muwerengenso. Manambala akasuntha ndiye kuti paipi yobweretsa madzi ikudontha. Mita ikakhala chete koma malo onyowawo ali pansi pa bafa kapena khitchini, kayikirani paipi yotaya madzi. Wina atsegule shawa kapena agejemule chimbudzi inu mukuwalitsa tochi kunsi. Mapulambala amathiranso utoto wobiriwira m'paipi kuti aone kumene utulukire, kapena amalowetsamo kamera.

Lachinayi limasokoneza anthu chifukwa palibe chadontha. Ndi mame. M'chilimwe cha kum'mwera kwa America mpweya wa kunja ukhoza kukhala pa madigiri 30 ndi chinyezi cha 70 peresenti. Mpweya wotere ukakhudza chinthu chozizira kuposa madigiri 24 umasiya madontho. Kunsi kwa nyumba n'kozizira, ndipo mapaipi a mpweya woziziritsa ndi ozizira kwambiri. Mukalowako mu Julaye mumapeza timadontho talendewera pa mapaipi ndi pa misomali, pomwe mvula sinagwe.

Ndapeza madzi lero. Ndiyambe ndi chiyani?

Magetsi. Musaponde kapena kugwira madziwo musanazimitse magetsi opita kunsiko, ndipo ngati simukudziwa kuti swichi yake ndi iti, zimitsani nyumba yonse. Ngati bokosi la maswichi lili ponyowa musaligwire, itanani wamagetsi. Mukamva fungo la gasi tulukani nonse, muimbire kampani ya gasi muli panja.

Mukatero, ngati vuto ndi paipi, tsekani madzi pamene amalowera m'nyumba. Jambulani zithunzi ndi vidiyo musanasunthe kanthu: kuya kwa madzi, mzere wake pa khoma, paipi yophulikayo, katundu wonyowa. Imbirani a inshulansi kapena alandilodi tsiku lomwelo. Bungwe la boma loteteza chilengedwe ku America, EPA, limalangiza kuumitsa zinthu zonyowa pasanathe maola 24 mpaka 48 kuti chuku chisamere, choncho si ntchito yodikira Loweruka.

Ndingalowemo ndekha?

Zitengera mtundu wa madzi. Akatswiri oumitsa nyumba amawagawa patatu. Pali madzi oyera a paipi, pali otuwa ochokera ku sinki, shawa kapena makina ochapira, ndiye pali akuda, omwe ndi a suweji ndi a kusefukira kwa mtsinje. Oyamba aja mungathane nawo. Akudawo asiyireni anthu a zida zake, pakuti amanyamula matenda ndipo dothi limene alowererapo limafunika kulipala kapena kulithira mankhwala. Dziwaninso kuti madzi oyera akakhala masiku angapo pa dothi salinso oyera.

Mukasankha kulowa, pakhomo pakhale munthu wina wodziwa kuti muli kunsi. Valani ovolosi, majombo, magulovesi, magalasi otchinga maso, ndi masiki ya N95 kapena FFP3, osati ya nsalu. Tochi ikhale ya batire. Mkodzo wa makoswe m'madzi umapatsa matenda a leptospirosis, amene amalowera pa bala. Kumadzulo kwa America ndowe za mbewa zimafalitsa hantavirus, ndiye musazisese zili zouma: zinyowetseni kaye ndi mankhwala opha tizilombo. Kumadera ofunda kunsi kwa nyumba kumabisalanso njoka ndi akangaude oluma.

Mukaona mzati wapendekera, khoma la maziko lang'ambika kwambiri kapena mtanda wathyoka, musakwawe pansi pake.

Madziwo ndiwachotse bwanji?

Akakhala ambiri, pampu yomiza m'madzi ndiyo imagwira ntchito. Imabwerekedwa m'masitolo a zipangizo zomangira. Iikeni pamalo otsika kwambiri, m'ndowa yoboolaboola kuti isayamwe matope, ndipo payipi yake ikatayire kutali ndi nyumba, kumene malo amatsetserekera. Ilumikizeni pa soketi yodzizimitsa yokha magetsi akakumana ndi madzi, GFCI ku America kapena RCD ku Britain. Otsalira ochepa amayamwidwa ndi vacuum yoyamwa madzi.

Pampu ya petulo kapena jenereta isalowe kunsi kwa nyumba ngakhale pang'ono. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, amene sanunkha, amakwera m'zipinda n'kupha anthu ali m'tulo. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kuchokera pa zitseko ndi mawindo. Ngati bwalo lonse likadali m'madzi osefukira, dikirani aphwere, pakuti mukapopa amangobwerera.

Nanga kuumitsa kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Yambani ndi kutulutsa chilichonse chosunga madzi: makatoni, zidutswa za matabwa zimene omanga anasiya, makapeti akale, pepala la pulasitiki lakale ngati madzi atsekeredwa pamwamba pake. Insulation yonga thonje ija imene amaipanikiza pakati pa mitanda ikanyowa imalemera, imalendewera, ndipo imagwirizira chinyezi pa thabwa. Ichotseni, muiike m'majumbo akuluakulu muli konko. Yatsopano musaike mpaka matabwa atauma.

Kenako mafani aziyendetsa mpweya, makina oumitsa mpweya otchedwa dehumidifier aziyamwa chinyezi. Kunja kukakhala kouma tsegulani mabowo onse kuti mphepo idutse. Kukakhala kofunda ndi kwachinyezi tsekani, dehumidifier igwire yokha, apo ayi mukuitana mame aja tafotokoza pa funso la magwero. Fani isaloze ku khomo lolowera m'nyumba.

Madzi a paipi amene mwawapeza msanga amauma pa masiku ochepa. Mitanda yonyowa kwa miyezi imafuna masabata. Makoma a njerwa ndiwo amachedwetsa: omanga a ku Britain amawerengera mwezi umodzi pa inchi iliyonse ya kukhuthala kwa khoma likamauma lokha.

Musayeze ndi dzanja, chifukwa thabwa limauma pamwamba m'kati muli madzi. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi cha matabwa, kali ndi timano tiwiri tobaya, ndipo si kodula. Bayani mitanda ingapo, makamaka kumapeto kumene imalowa m'khoma. Mukapeza 20 peresenti kapena kuposa, thabwalo likhoza kuola. Cholinga chanu chikhale kutsika pansi pa 16. Chinyezi cha mumpweya chikhale pansi pa 60 peresenti.

Pa mitanda pamera chuku. Ndithire Jik?

Anthu ambiri amathamangira kumeneko, koma pa thabwa sikokwanira. Mankhwalawo amayeretsa mtundu, thabwa n'kuoneka bwino, pomwe chinyezi chimene chinameretsa chukucho chikadalipo. EPA silimbikitsa kuwagwiritsa ntchito nthawi zonse pochotsa chuku, ndipo imanena kuti chuku chakufa chimayabwabe ndi kuyambitsa chifuwa. Chiyenera kuchotsedwa, osati kungophedwa. Tsukani ndi bulashi yolimba, madzi ndi sopo, pukutani, muumitse. Ngati mwasankhabe kuthira, musapitirire kapu imodzi pa malita 4 a madzi, ndipo musasakanize ndi ammonia kapena mankhwala ena otsukira. Mpweya wotuluka pamenepo ndi poizoni, makamaka pamalo opanikizika ngati amenewa.

Malire amene EPA imapereka ndi masikweya fiti 10, pafupifupi mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Kuposa pamenepo itanani akatswiri. Munthu wa mphumu, mayi woyembekezera, kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka asagwire ntchitoyi. Kupaka penti pamwamba pa chuku n'kungobisa.

Ndingadziwe bwanji ngati matabwa aola?

Tengani sikuludiraiva mubaye. Thabwa labwino limakana, ndipo mukalitema pang'ono limasiya kachidutswa kakatali kosongoka. Loola limalowetsa chitsulo mosavuta n'kumanyenyeka. Yang'anani kumapeto kwa mitanda, thabwa logona pa maziko, ndi pansi pa bafa ndi chimbudzi.

Ku Britain amasiyanitsa mitundu iwiri ya kuola kwa matabwa, wet rot ndi dry rot. Woyambayo amakhala pomwe panyowapo, ndipo pakauma amaima. Dry rot, bowa wotchedwa Serpula lacrymans, ndi woopsa: amatambasula ulusi wotuwa kudutsa pa njerwa kukafuna thabwa lina, amang'amba thabwa m'timabokosi, ndipo amasiya fumbi lofiirira. Mukaona zimenezi musazengereze. Timabowo ting'onoting'ono tokhala ndi ufa wa thabwa ndi ta tizilombo tofumbwitsa matabwa, timene timakondanso thabwa lachinyezi.

Ku America ndi ku South Africa onjezeranipo chiswe. Ife chiswe timachidziwa bwino, ndipo chizindikiro chake n'chomwecho: tinjira tadothi tokwera pa khoma kapena pa mzati. Mtanda woonongeka pang'ono amaulimbitsa pokhomerapo wina watsopano pambali pake. Wonyamula khoma kapena woonongeka kwambiri ayambe wauona injiniya wa zomangamanga.

Nditani kuti madzi asabwererenso?

Yambirani panja, ndipo yambani ndi zotchipa. Mvula yamphamvu ikamagwa, tengani ambulera muzungulire nyumba. Pa mphindi khumi mudzaona zimene katswiri wobwera dzuwa likuwala sangaone: gutter imene ikusefukira, paipi yothyoka, madzi amene akuthamangira kukhoma kuchokera kwa aneba, chithaphwi cha patsinde pa masitepe.

Ma gutter azichotsedwa masamba kawiri pa chaka, makamaka mitengo ikayoyola. Paipi iliyonse yotsitsa madzi ikatayire mamita awiri kapena atatu kuchokera pa khoma, kapena ilowe m'ngalande yosatsekeka. Dothi lozungulira nyumba litsetserekere kunja. Muyezo wa ku America ndi wakuti litsike mainchesi 6 pa mafiti 10 oyambirira, kapena kuti masentimita 15 pa mamita atatu. Pokwirira gwiritsani ntchito dothi logwirana, osati mchenga kapena manyowa a maluwa, ndipo lisafike pa matabwa a khoma kapena kutseka mabowo a mpweya. Bedi la maluwa logundana ndi khoma, lothiriridwa tsiku ndi tsiku, limanyowetsa maziko chaka chonse.

Amene munamangitsapo nyumba kumudzi mukuidziwa DPC, pepala lakuda lija amisiri amayala pa njerwa kuti chinyontho chisakwere. Nyumba zambiri za ku Britain zili nayonso, ndipo iyenera kukhala mamilimita 150 pamwamba pa dothi, mizere iwiri ya njerwa. Vuto lofala kumeneko ndi la mwini nyumba wakale amene anakweza bwalo ndi simenti kapena matailosi mpaka kukwirira DPC. Mankhwala ake ndi kukumba, kutsitsa bwalolo m'mbali mwa khoma.

Ku America, musanakumbe paliponse imbani 811 kuti adzakuonetseni modutsa mapaipi a gasi ndi mawaya. N'zaulere. M'madera ozizira kutirani mapaipi a kunsi nyengo yozizira isanafike, chifukwa madzi akaundana amaphulitsa paipi.

Chitani zimenezi, mudikire mvula ziwiri kapena zitatu, musuzumirenso. Nyumba zambiri vuto limathera pomwepa.

Nanga sump pump ndi French drain anthu amanenazi n'chiyani?

Zimenezi ndi za madzi a m'nthaka, amene simungawaletse kubwera koma mungawapatse njira. French drain ndi ngalande yokumba m'mbali mwa maziko, yoyalamo nsalu yosefa dothi, paipi yoboolaboola ndi miyala ya kwale. Madzi amalowa m'paipimo n'kutsetserekera ku dzenje limene lili pamalo otsika. M'dzenjemo mumakhala sump pump. Madzi akakwera amanyamula kampira koyandama, pampu n'kudziyatsa yokha.

Pampu yake ikhale ndi valavu yoletsa madzi kubwerera, dzenje likhale ndi chivundikiro, ndipo pakhale batire yapadera. Mphepo ya mkuntho imene imabweretsa madzi ndi yomweyo imene imathimitsa magetsi. Miyezi ingapo iliyonse thirani ndowa ya madzi m'dzenjemo muone ngati ikudzuka. Madera ambiri saloleza kutayira madzi amenewa m'paipi ya suweji, ndiye funsani ku khonsolo.

Ena akuti nditseke mabowo onse a mpweya, ena akuti ndisayerekeze. Zoona ndi ziti?

Onse akunena zoona, koma akunena za nyumba zosiyana. Apa m'pamene mavidiyo a pa YouTube amasocheretsa anthu.

Ku America kale lamulo linali loti crawlspace ikhale ndi mabowo, sikweya futi imodzi pa masikweya fiti 150 alionse. Koma m'madera a chilimwe chachinyezi mabowowo amalowetsa mame m'malo motulutsa chinyezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 bungwe la Advanced Energy linayerekeza nyumba ku North Carolina, ndipo linapeza kuti zotsekedwa bwino zinali zouma kuposa za mabowo. Lero malamulo amalola njira ziwiri zonsezi. Njira yotseka amaitcha encapsulation: amayala pepala lokhuthala la pulasitiki pa dothi lonse, kulikweza pa makoma ndi pa mizati, kumata polumikizira, kutseka mabowo, n'kuikamo dehumidifier kapena kulowetsamo mpweya wouma. Kumtunda kwa khoma amasiya mpata wa mainchesi 3 kuti tinjira ta chiswe tizioneka.

Njirayi ndi yabwino, koma imabwera pomalizira. Kuyala pulasitiki pa malo amene madzi akulowabe, kapena matabwa asanaume, ndi kutsekera vuto m'kati. Kutseka mabowo popanda choumitsira n'koipa kuposa kuwasiya. Ngati kunsiko kuli makina oyaka ndi gasi, katswiri aone kumene azipeza mpweya. Nyumba ikakhala m'dera limene FEMA, nthambi ya boma la America yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, inaliika pa mapu a kusefukira, pamakhala mabowo ena olola madzi kudutsa kuti khoma lisagwe, ndipo amenewo satsekedwa.

Ngati thumba silikulola zonsezi, pepala lokha la pulasitiki lokhuthala 6 mil (pafupifupi mamilimita 0.15) loyala pa dothi, lopitirirana bwino polumikizira, limachepetsa kwambiri nthunzi yochokera m'nthaka.

Ku Britain n'zosiyana. Nyengo yake ndi yozizirira, ndipo matabwa a kunsi amadalira mphepo yodutsa m'njerwa za mabowo, ma air brick, kuchokera kutsogolo kwa nyumba kukatulukira kumbuyo. Anthu amazitseka pofuna kuletsa kuzizira, kapena zimatsekeka ndi dothi, penti, ngakhale chipinda chowonjezera cha simenti chomangidwa kumbuyo. Zotsatira zake ndi dry rot. Kumeneko zitsegulireni, muzizitokosa ndi kawaya chaka chilichonse. Ngati mukuzizidwa, ikani insulation pakati pa mitanda, mphepo izidutsabe pansi pake. Nyumba zakale za ku Johannesburg ndi Cape Town, zija za matabwa a Oregon pine, zimatsata nzeru yomweyi.

Kodi inshulansi idzalipira?

Mfundo yake ndi imodzi kulikonse: imalipira ngozi yadzidzidzi, osati kuonongeka kwapang'onopang'ono kumene mukanakupewa. Paipi yophulika usiku kawirikawiri amalipira zimene madziwo aononga. Kudontha kwa zaka ziwiri, kuola, ndi chuku chobwera ndi chinyezi kawirikawiri amakana.

Ku America inshulansi wamba ya nyumba silipira madzi osefukira kapena otumphuka m'nthaka. Ya kusefukira imagulidwa payokha, makamaka kudzera ku National Flood Insurance Program, imene inayamba mu 1968 ndipo imayendetsedwa ndi FEMA. Kawirikawiri imayamba kugwira ntchito patatha masiku 30 mutaigula, choncho kuigula mutamva kuti namondwe akubwera n'kochedwa. Kubwerera kwa suweji ndi kufa kwa sump pump nazonso zimafuna kuwonjezera padera.

Ku Britain inshulansi ya nyumba nthawi zambiri imaphatikiza kusefukira ndi kudontha kwa mapaipi. Fufuzani mawu akuti trace and access, omwe ndi ndalama zozulira matabwa pofufuza podontha. Kuyambira 2016 pali dongosolo la Flood Re lothandiza kuti nyumba za m'malo osefukira zipeze inshulansi yotsika mtengo, koma limakhudza zomangidwa chisanafike chaka cha 2009. Akakukanirani ndipo simukukhutira, dandaulo limapita kwa Financial Ombudsman Service mosalipira.

Sungani malisiti onse ndi chidutswa cha paipi yophulikayo. Kukonza kwakukulu kudikire woyendera wa inshulansi, koma kupopa ndi kuumitsa musadikire.

Ndimakhala ya lendi. Udindowu ndi wa yani?

Maziko, mapaipi, ngalande ndi ma gutter ndi udindo wa alandilodi. Wanu ndi kuwadziwitsa msanga, ndipo muchite kulemba, pa imelo kapena pa meseji, ndi zithunzi ndi deti. Ambirife timachita manyazi kudandaula, ena timaopa kuti atichotsa. Koma mukakhala chete kuonongekako kumakula, ndipo tsiku lotuluka akhoza kukuduliraninso dipoziti.

Ku England, gawo 11 la Landlord and Tenant Act ya 1985 limakakamiza mwini nyumba kukonza zimenezi. Akanyalanyaza, pitani ku nthambi ya Environmental Health ya khonsolo yanu. Kwa okhala m'nyumba za khonsolo ndi za mabungwe obwereketsa nyumba zotsika mtengo, ma housing association, ku England pali Awaab's Law, imene inayamba kugwira ntchito pa 27 Okutobala 2025. Inatchedwa dzina la mwana wa zaka ziwiri amene anamwalira ku Rochdale mu Disembala 2020 chifukwa cha chuku cha m'nyumba. Imalamula kuti chinyezi ndi chuku choopsa zifufuzidwe pasanathe masiku 10 ogwira ntchito.

Ku America malamulo amasiyana dera ndi dera, koma pafupifupi konse nyumba ya lendi iyenera kukhala yoti munthu angakhalemo bwinobwino. Musasiye kulipira lendi musanafunse odziwa malamulo a dera lanu.

Kampani yandipatsa mtengo waukulu. Ndidziwa bwanji kuti ntchito yonseyo ndi yofunika?

Amene amabwera kudzayendera mwaulere kawirikawiri ndi wogulitsa, ndipo adzakuuzani zimene kampani yake imagulitsa. Mufunseni kuti madzi akuchokera kuti ndipo wadziwa bwanji. Muoneni ngati wazungulira panja, ngati wayang'ana ma gutter, ngati wabaya matabwa n'kulemba manambala. Pemphani zithunzi za kunsi kwa nyumba yanu. Tengani mitengo ya makampani atatu, yolembedwa mwatsatanetsatane. Ntchito ikakhala ya ndalama zambiri, ndi bwino kulipira woyendera woima payekha amene sagulitsa kanthu. Ku America funsani ngati oumitsawo ali ndi satifiketi ya IICRC, bungwe lotsimikizira akatswiri a ntchito yotereyi. Ku Britain makampani a chinyezi ndi matabwa ambiri ali m'bungwe la Property Care Association.

Ndikufuna kugula nyumba, ndipo woyendera wapeza madzi kunsi. Ndiisiye?

Osati msanga. Ngati chifukwa chake ndi ma gutter kapena kutsetsereka kwa bwalo, ndipo mitanda ndi yolimba, limenelo ndi vuto lokonzeka, ndipo mungapemphe kuti akuchotsereni pa mtengo. Ngati ndi madzi a m'nthaka a chaka ndi chaka, mudzakhala mukudalira pampu nthawi yonse imene mudzakhale m'nyumbamo, ndiye werengerani zimenezo. Onani mapu a kusefukira, a FEMA ku America kapena a Environment Agency ku England, ndipo funsani mtengo wa inshulansi musanasaine. Lipoti likati woyendera sanathe kulowa kunsi, pemphani kuti atsegule abwerenso.

Ndamva za radon. Ikukhudzana bwanji ndi zimenezi?

Radon ndi mpweya wochokera m'miyala ya pansi, wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo pambuyo pa fodya ndiwo umayambitsa kwambiri khansa ya m'mapapo. Umalowa m'nyumba kudzera njira zomwezo za chinyezi: dothi losaphimba, dzenje la pampu lopanda chivundikiro, mipata ya mapaipi. Kutseka mabowo a mpweya kukhoza kusintha kuchuluka kwake, choncho yezani musanayambe ntchito ndiponso mukamaliza. Kachipangizo koyezera kamabwera pa positi. Ku America amalangiza kuchitapo kanthu muyezo ukafika 4 pCi/L, ku Britain 200 Bq/m³, ndipo madera ngati Cornwall ndi Devon amadziwika kuti ali ndi radon wambiri. Mukapezeka naye, amaika paipi pansi pa pepala la pulasitiki lija ndi fani yokokera mpweyawo kunja, pamwamba pa denga. Ngati mukuyala kale pepalalo, uzani amisiri aikiretu paipiyo nthawi yomweyo.